Jeti si Cessna yonenepa

Wamalonda wa ku Old Town akafuna kupita ku Johannesburg, ku Dar es Salaam kapena ku China kukaoda katundu, mafunso ake amakhala atatu basi: tikiti ndi zingati, andilola makilogalamu angati, nanga ndege inyamuka nthawi yanji ku Lumbadzi? Funso lachinayi, loti kodi amene akhale kutsogolo kuja ndani ndipo anaphunzira bwanji, sindinamvepo wina akufunsa. Komatu munthu yemweyo akamakwera basi pa depoti amayamba wasuzumira kaye nkhope ya dalaivala, kuona ngati maso ali ofiira kapena ngati ndi kamnyamata kongotola laisensi dzulo.

Lero ndati tifunse funso lachinayilo. Makamaka ndikufuna tione malo amodzi pamene pali phompho pa ulendo wa woyendetsa ndege aliyense: pamene akuchoka pa kandege ka pulopela kamene anaphunzirira, kupita pa jeti yonyamula anthu oposa 150. Ambirife timayesa kuti kusiyana kwake ndi kukula kokha, ngati kuchoka pa Corolla kupita pa minibasi. Ayi ndithu. Jeti si Cessna yonenepa. Ndi sukulu ina yachiwiri, yodula zedi, ndipo sukulu imeneyi kuno kwathu kulibe. Nkhani yanga yagona pamenepo.

Makwerero a laisensi

Palibe munthu amaphunzirira kuuluka pa Boeing. Aliyense amayamba ndi kandege ka injini imodzi, ka mipando iwiri kapena inayi, monga Cessna 172. Malamulo a ICAO, bungwe la United Nations loona za ndege limene Malawi ndi membala wake, anaika makwerero atatu.

Loyamba ndi laisensi ya PPL. Imafuna munthu wa zaka 17 amene wauluka maola osachepera 40. Ndi imeneyi ukhoza kunyamula abale ako kukawaonetsa nyanja, koma sungalandire nayo malipiro. Lachiwiri ndi CPL, laisensi ya ntchito, imene imafuna zaka 18 ndi maola 200, kapena 150 ngati kosi yake ndi yovomerezeka mwapadera. Pamwamba pake munthu amaonjezera chilolezo choyendetsera ndege ya injini ziwiri, ndi china choulukira m'mitambo, momwe pansi sipaoneka ndipo uyenera kukhulupirira mawotchi a patsogolo pako kuposa thupi lako. Lachitatu ndi ATPL, imene imafuna zaka 21 ndi maola 1,500. Popanda imeneyi sungakhale kaputeni wa ndege yaikulu yonyamula anthu.

Tsono taonani mpata umene uli pakati pa 200 ndi 1,500. Maola amenewa sagulitsidwa pa Bwalo la Njobvu. Achinyamata ambiri a m'chigawo chino cha Africa amawatolera pang'onopang'ono poyendetsa tindege tonyamula alendo okaona nyama ndi nyanja: ku Likoma, ku Chelinda pa Nyika, ku Mfuwe m'dziko la Zambia, kapena ku Maun m'dziko la Botswana kumene tindege timachita kuthithikana ngati maminibasi pa depoti.

Ntchito imeneyi si yopeputsa. Mnyamata kapena mtsikana amakhala yekha. Ayeze mafuta yekha, akweze zikwama yekha, awerenge mitambo yekha, ndipo asanatere azungulire kaye kuona ngati pabwalo palibe mbuzi kapena mbawala. Ndege za pulopela zimauluka m'munsi, momwe muli mapiri ndi chifunga. Amalawi sitifunika kuuzidwa zimenezi. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka pa bwalo la Kamuzu kupita ku Mzuzu, ndipo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa kunja kutaipa, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Ndege iliyonse ili ndi msampha wake. Chimene ndikunena n'chakuti misampha ya jeti ndi ina, ndipo zina mwa nzeru zimene zinakupulumutsa pa kandege zikhoza kukupha pa jeti.

Zimene zimasintha

Choyamba ndi liwiro. Cessna 172 imayenda makilomita pafupifupi 220 pa ola. Boeing 737 ikafika m'mwamba imayenda pafupifupi 840, ndiye kuti makilomita 14 pa mphindi imodzi. Mtunda wochoka ku Old Town kufika ku Dedza, umene minibasi imadya nawo ola ndi theka kapena kuposa, kwa jeti ndi mphindi 6. Pa Cessna ukasokonezeka uli ndi nthawi yotsegula mapu ndi kudzikanda m'mutu. Pa jeti ukangodzikanda m'mutu, midzi khumi yadutsa pansi pako. N'chifukwa chake wophunzira amauzidwa kuti maganizo ake azifika pamalo ndege isanafikepo.

Chachiwiri ndi kulemera. Cessna yodzaza imalemera tani imodzi ndi pang'ono. Boeing 737-800 yodzaza imafika matani 79. Madalaivala a mathiraki a ku Kanengo andimva msanga apa: thiraki ya ngolo yodzaza feteleza sumaitsitsa pa Khwekhwerere monga umatsitsira kagalimoto. Umayamba kukonzekera udakali pamwamba. Jeti anaipanga yoterera kuti izing'amba mphepo, choncho imavuta kuitsitsa ndi kuichepetsa liwiro nthawi imodzi. Masamu apamutu ndi akuti pa mafiti 1,000 alionse otsika pafunika mtunda wa makilomita oposa 5. Ndege yochokera ku Johannesburg imene ili pa mafiti 35,000 iyenera kuyamba kutsika kutatsala makilomita pafupifupi 200 kuti ifike ku Lumbadzi. Ndiye kuti Lilongwe mpaka Salima, kawiri. Wozolowera kandege, amene amayamba kutsika akaliona bwalo ndi maso, adzafika pa Lumbadzi adakali m'mitambo.

Chachitatu ndi injini. Pa kandege ka pulopela ukaonjezera moto mphamvu imabwera pompopompo, ndipo mphepo ya pulopela imaomba mapiko n'kuinyamula ndege. Injini ya jeti ukaibweza moto wonse imatenga masekondi angapo kuti idzuke. Masekondi angapo amaoneka ochepa ukakhala pa mzere ku banki. Koma ndege ikamayandikira pansi pa liwiro la makilomita 250 pa ola, sekondi iliyonse ndi mamita 70. Ndiye pa jeti pali lamulo losakambirana: ngati pofika mafiti 1,000 kapena 500 kuchokera pansi liwiro ndi njira sizinakhazikike, usakakamize kutera. Onjezera moto, kwera, ukazungulirenso.

Chachinayi ndi kutalika. Kumene jeti imauluka, makilomita 10 kapena 12 kuchokera pansi, kumazizira mpaka madigiri 50 kunsi kwa ziro, ndipo mpweya ndi wochepa kwabasi. M'ndege amachita kupoperamo mpweya. Ukathawa mwadzidzidzi pa mafiti 35,000, munthu amakhala ndi nzeru zake kwa masekondi 30 mpaka 60 okha, ndipo m'masekondi amenewo payiloti akhale atavala kale chopumira. Kumwambako mapiko nawo amakhala ndi malire opapatiza. Ukachepetsa liwiro amasiya kugwira mphepo, ukaonjeza mopyola ndege imayamba kunjenjemera. Wa pa Cessna sanafikeko kumeneko chibadwire.

Chachisanu ndi kompyuta. Pa kandege, manja ndi mapazi ndiwo ntchito. Pa jeti gawo lalikulu la ulendo amayendetsa ndi makina otchedwa autopilot, motsatira njira, kulemera ndi mafuta zimene payiloti walowetsa m'kompyuta asananyamuke. Wina anganene kuti aaa, ndiye ntchito yaphweka eti? Yangosintha. Tsopano ndi ntchito ya ulonda: kudziwa chimene makina akuchita, chifukwa chake, ndi chimene achite kenako, komanso kukhala chire kulandira chiwongolero makinawo akakana. Pa 1 Juni 2009 ndege ya Air France ya mtundu wa Airbus A330, yochoka ku Rio de Janeiro kupita ku Paris, inalowa m'mitambo ya mvula usiku. Timapaipi toyezera liwiro tinatsekeka ndi madzi oundana, autopilot n'kudzizimitsa. Amene anagwira chiwongolero anakokera mphuno ya ndege m'mwamba mpaka mapiko anasiya kugwira mphepo. Ndege yopanda chilema pa injini inagwera m'nyanja ya Atlantic, anthu 228 n'kufa.

Mutu umodzi susenza denga

Chachisanu ndi chimodzi ndicho chovuta koposa, makamaka kwa ife Amalawi, ndipo chilibe mawaya kapena mabatani. Jeti imayendetsedwa ndi anthu awiri, kaputeni kumanzere, womuthandiza kumanja. Wina amagwira chiwongolero, mnzake amayang'anira mawotchi, kulankhula pa wailesi ndi kuwerenga mndandanda wa zoyenera kuchita. Pobwerera amasinthana. Chilichonse chimanenedwa mokweza, mnzake n'kuvomera. Munthu amene wakhala maola 1,000 ali yekhayekha ku tchire, bwana ali yemweyo, mesenjala ali yemweyo, ayenera kuphunzira kugawana ntchito ndi kunena maganizo ake asanachite kanthu.

Koma chenicheni chili apa. Wa kumanja uja, amene mwina ali ndi zaka 24, ayenera kutha kuuza kaputeni wa imvi, wa mizere inayi paphewa, kuti bwana apa sizili bwino, tiyeni tikwerenso. Ndipo kaputeni akapanda kumva, wachinyamatayo ayenera kulanda chiwongolero. Ifetu tinaleredwa kuti wamkulu salakwa, ndipo wamkulu akamayankhula mwana amayang'ana pansi. M'maofesimu kalaliki amaona bwana akusaina pepala lolakwika koma amangoti zikomo bwana. Kondakitala amaona dalaivala akuovateka pa kona koma ali duu, kuopa kuchotsedwa ntchito. Ulemu wotere pansi pano umatidyera ndalama. M'mwamba umapha.

Dziko linaphunzira zimenezi ndi maliro. Pa 27 Malichi 1977 pa chilumba cha Tenerife, ndege ziwiri za Boeing 747 zinaombana pa bwalo kuli chifunga, anthu 583 n'kufa. Kaputeni wa ndege ya KLM amene anayamba kuthamanga asanaloledwe anali mphunzitsi wamkulu wa oyendetsa ndege pa kampaniyo. Mmodzi mwa anzake m'chipindamo anafunsa ngati ndege inayo yachoka pa msewu, mkuluyo anayankha motsimikiza kuti yachoka, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuchokera pa ngozi imeneyi ndi zina, makampani anayambitsa maphunziro otchedwa CRM, ophunzitsa wamng'ono kulankhula ndi wamkulu kumva.

Sukulu yachiwiri

Tsono mlatho wake umamangidwa motere. Munthu wa CPL amayamba ndi maphunziro a kugwira ntchito awiriawiri, otchedwa MCC, kawirikawiri pamodzi ndi kosi yaifupi yomuzoloweretsa khalidwe la jeti. Kenako pamabwera type rating, chilolezo cha mtundu umodzi wokha wa ndege. Wa Boeing 737 sangakwere Airbus A320 n'kuiyendetsa, ngakhale akhale ndi maola 10,000. Abwerere m'kalasi. Amatha masabata angapo akuphunzira mapaipi a mafuta, magetsi, mabuleki ndi zozimitsira moto za ndege imeneyo, n'kulemba mayeso.

Akatero amalowa mu simuleta. Ichi ndi chibokosi choima pa miyendo yachitsulo, m'kati mwake mofanana ndendende ndi chipinda choyendetsera ndege. Chimapendekeka, chimagwedezeka, ndipo pa mawindo pamaoneka bwalo, mvula ndi ziphaliwali ngati zenizeni. Amakhalamo awiriawiri maola anayi pa ulendo umodzi, kangapo konse, mphunzitsi ali kumbuyo kuwaponyera mavuto. Amawazimitsira injini pa nthawi yoipitsitsa, ndege itafika pa liwiro lotchedwa V1, pamene msewu wotsala sungakwanenso kuima ndipo uyenera kunyamuka ndi injini imodzi yomweyo. Pa bwalo ngati la Kamuzu, limene lili mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, masamu amenewa amasintha ndi nyengo. M'dzuwa la Okutobala mpweya umapepuka, injini zimachepa mphamvu, ndege imafuna msewu wautali. Makilogalamu amene mumakangana nawo pa sikelo aja, amayi a geni, nawonso amalowa m'masamu omwewa.

Akakhoza mayeso a mu simuleta, wa kumene amakatera kangapo ndi ndege yeniyeni yopanda anthu, kenako amayamba kunyamula anthu ali pambali pa kaputeni wophunzitsa kwa maulendo ambirimbiri. Ndipo sukuluyi siitha ayi. Miyezi 6 iliyonse amabwerera mu simuleta kukayesedwanso, chaka chilichonse kwa dokotala, mpaka atapuma pa zaka 65. Ndi ntchito iti ina m'dziko muno imene munthu amayesedwa kawiri pa chaka mpaka kukalamba?

Maola okha sakwanira

Pali mkangano waukulu pa dziko: kodi chofunika ndi kuchuluka kwa maola kapena mtundu wa maphunziro? Pa 12 Febuluwale 2009 ndege ya kampani ya Colgan Air inagwera nyumba pafupi ndi mzinda wa Buffalo ku America, anthu 50 n'kufa. Liwiro litachepa chenjezo linalira, koma kaputeni anakokera mphuno m'mwamba m'malo moitsitsa. Abale a omwalirawo anaumiriza aphungu mpaka lamulo linasintha. Kuyambira 2013, ku America ngakhale wa kumanja amafunika maola 1,500, kupatula ochokera ku usilikali ndi ku sukulu zina, komanso kosi yapadera ya maola 30 m'kalasi ndi 10 mu simuleta. Chodabwitsa n'chakuti onse awiri a m'ndege ya Colgan anali atadutsa kale maola 1,500. Maola analipo. Chimene chinaperewera ndi maphunziro.

Ku Ulaya ndi m'maiko ambiri a mu Africa ndi Asia njira ndi ina. Wachinyamata wa maola 200 kapena 250 akhoza kukhala kumanja kwa kaputeni, malinga wadutsa m'maphunziro okhwima a jeti. Mu 2006 ICAO inakhazikitsanso laisensi ya MPL, ya maola 240, ambiri mwa iwo a mu simuleta, yokonzera munthu ntchito ya awiriawiri kuyambira pachiyambi. Sukulu ya Ethiopian Airlines ku Addis Ababa ndi imodzi mwa zimene zinatenga njira imeneyi. Ine ndili kumbali ya amene amati maola 1,000 ozungulira kunja kuli ngwee saphunzitsa munthu chochita injini ikayaka moto usiku. Koma njira yaifupiyi imayenda pokhapokha maphunzirowo akapanda kudulidwa.

Ndipo tinaona zimene zimachitika akadulidwa. Boeing itapanga 737 MAX inaigulitsa ndi lonjezo lakuti oyendetsa 737 yakale safunika kulowanso mu simuleta, kosi yaifupi ya pa kompyuta ndi yokwanira. Poyamba sanauzidwe n'komwe za kachipangizo katsopano kotchedwa MCAS, kamene kankatha kukankhira mphuno ya ndege pansi pakokha. Pa 29 Okutobala 2018 ya Lion Air inagwera m'nyanja ku Indonesia, anthu 189. Pa 10 Malichi 2019 ya Ethiopian Airlines yopita ku Nairobi inagwa patangotha mphindi 6 chinyamukire ku Addis Ababa, anthu 157. Addis imeneyi ndi pomwe amalonda athu amasinthira ndege popita ku Dubai ndi ku Guangzhou. Ndege za mtunduwu zinaimitsidwa kwa miyezi pafupifupi 20, ndipo pobwerera lamulo linati aliyense alowe kaye mu simuleta. Ndalama zimene anafuna kupulumutsa zinalipidwa ndi miyoyo 346.

Nanga kwathu kuno?

Dziko lino linadutsapo kale pa mlatho umenewu. Air Malawi inayamba mu 1964 ndi ndege za pulopela monga DC-3, kenako Viscount ndi HS 748. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kunabwera jeti ya BAC One-Eleven, ndipo kuyambira 1974 mpaka 1979 VC10 inkanyamula mbendera yathu kupita ku London. Mu 1991 kunafika Boeing 737-300 yotchedwa Kwacha. Masiku oyambirirawo kutsogolo kunkakhala azungu, Amalawi analowamo pang'onopang'ono potumizidwa kunja kukaphunzira. Air Malawi inatha mu 2013 itamira m'ngongole. Mu Januwale 2014 kampani yatsopano, imene lero ndi Malawi Airlines, inayamba kuuluka, boma lili ndi magawo 51 pa 100, Ethiopian Airlines 49. Inayamba ndi ndege ziwiri, Q400 ndi Boeing 737.

Q400 ndi khwerero labwino lapakati. Ili ndi mapulopela, inde, koma injini zake ndi zapachibale ndi za jeti, imanyamula anthu pafupifupi 70, imathamanga makilomita oposa 600 pa ola, ndipo imayendetsedwa ndi awiri. Ndi pa kampani imeneyi pamene Yolanda Kaunda, amene anaphunzira ku South Africa, anakhala kaputeni wamkazi woyamba wa dziko lino mu 2016. Mu Malichi 2017 iye ndi Lusekelo Mwenifumbo anayendetsa ndege kuchoka ku Blantyre kupita ku Dar es Salaam, ogwira ntchito m'ndegemo ali amayi okhaokha. Choncho nkhani yoti Mmalawi sangathe tiisiye. Mitu ilipo.

Chosowa ndi njira yofikira. Simuleta ya Boeing 737 m'Malawi muno mulibe. Ndi makina a madola mamiliyoni ambiri, ndipo oyandikira ali ku Addis Ababa, ku Nairobi ndi ku Johannesburg. Ola lililonse m'menemo limalipidwa ndi ndalama yakunja. Inu amalonda mukudziwa bwino kuposa ine mmene dola imavutira kuipeza ku mabanki a ku City Centre. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023. Banja lililonse limene linali ndi mwana ku sukulu ya ndege kunja linadzuka m'mawa ndalama zimene linasunga zitafota ngati nkhwani padzuwa.

Zotsatira zake n'zoonekeratu. Maphunziro onse, kuchokera pa Cessna mpaka pa jeti, amadya madola masauzande makumimakumi. Amene angatulutse ndalama zotere ndi mabanja ochepa okhala kuseri kwa mipanda ya njerwa ku Area 10, Area 12 ndi Area 43. Sindikuwachitira nsanje ana amenewo. Simuleta sidziwa dzina la bambo ako, amene wakhoza wakhozadi. Koma nanga mtsikana wa ku Kawale amene wapeza mapointi 8 pa MSCE, masamu ali nawo m'magazi? Nanga mnyamata wa ku Mchesi amene amathandiza mayi ake kugulitsa kaunjika mu msika wa Tsoka? Amenewo ndege amangoiona ikudutsa pamwamba pa Area 25. Paja liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Ine amene sukulu ya ukachenjede ndinaisiyira panjira ndikudziwa mmene chitseko chimamvekera chikamatsekeka.

Sindikuti boma ligule simuleta mawa. Kwa ndege zowerengeka ndi zala za dzanja limodzi, kungakhale kugula chigayo chifukwa cha thumba limodzi la chimanga. Ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, pakhale ndondomeko yodziwika, yolengezedwa m'nyuzipepala chaka ndi chaka, yosankha achinyamata angapo mwa mayeso, n'kuwalipirira mpaka type rating, iwo n'kusaina kuti adzagwira ntchito konkuno zaka zakutizakuti kapena kubweza ndalamazo. Mnzathu wa magawo 49 uja ali ndi sukulu ndi masimuleta. Malo a ana athu m'sukulu imeneyo akhale owerengeka, olembedwa, odziwika kwa aliyense. Chachiwiri, oyang'anira za ndege m'dziko muno akhale ndi akatswiri awoawo odziwa jeti, olipidwa bwino, oti akhoza kukana kusaina. Woyesa amene saidziwa ndege imene akuyesera ndi chidindo chabe. Chachitatu, ndalama za maphunziro obwereza zisamakhale zoyamba kudulidwa zinthu zikathina. Walira mvula walira matope. Tikafuna mbendera yathu pa mchira wa jeti, tilipire sukulu yake.

Kwa inu ophunzira amene mtima uli m'mwamba, limbikirani masamu, fizikisi, jogalafe ndi Chingerezi, pakuti pa wailesi ya ndege zodutsa malire chimalankhulidwa ndi Chingerezi ndipo chili ndi mayeso akeake. Musanalipire tambala ku sukulu iliyonse, kapimitseni kaye kwa dokotala wovomerezeka wa za ndege. Maso, mtima kapena makutu zikhoza kukukanizani mutagulitsa kale munda wa agogo. Funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka m'dziko lake, ndiponso ngati laisensi yake ingasinthidwe kukhala ya Malawi. Musapereke fizi yonse nthawi imodzi, sukulu za ndege zimagwa ngati mabizinesi ena onse. Ndipo chenjerani ndi okuuzani kuti mugule type rating ndi ndalama zanu ntchito musanaipeze. Chilolezo chimenechi chimatha mphamvu pakapita chaka osachikonzanso, ndipo kampani imene idzakulembeni mwina ili ndi ndege ya mtundu wina. Safunsa anadya phula.

Kwa inu apaulendo, tsiku lina ndege ikadzatsala pang'ono kutera ku Lumbadzi kapena ku Chileka, kenako n'kubangula kukwereranso m'mwamba, musadzatukwane. Mwina wachinyamata wa kumanja uja wanena kuti bwana apa sizili bwino, ndipo bwana wamva. Zimenezo ndi zomwe sukulu yachiwiri ija imagula. Choti tiwafunse aphungu athu ndi akuluakulu a ku Capital Hill n'chakuti: ndani akulipira sukulu imeneyi, ndipo ndi mwana wa yani amene akuloledwa kulowamo?